Memo yotentha pa sayiti m'nyengo yachisanu: mbaula ya njerwa, katoni ya nyemba ndi ola limodzi la nkhomaliro

Amene anagwirapo ntchito yomanga ku Dedza mwezi wa June kapena July akudziwa mmene zala zimaumira m'mawa. Simenti imaluma m'ming'alu ya m'manja, zitsulo zimanyowa ndi mame, ndipo mphepo imalowa mu ovololo ngati simunavale kanthu. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'Malawi muno palibe tauni ina yokwera kuposa imeneyi. Kumalo otere banzi ndi chakumwa chozizira cha m'botolo si chakudya cha munthu wosenza njerwa. Ikamakwana 2 koloko masana miyendo imayamba kunjenjemera ali pamwamba pa khoma. Thupi lolimbana ndi chisanu limatha chakudya msanga, ndipo limafuna chamoto.

Ndaphika memo, chakudya chosonkherana cha ogwira ntchito, pa masayiti ambiri, ndipo ndaona amisiri akutha ola lonse la nkhomaliro akuuzira moto pa mafuwa atatu, maso ali psuu ndi utsi, mapeto ake n'kudya nsima yosapsa ndi nyemba zokukuta. Ambiri amadandaula kuti nkhuni zachepa, koma pa sayiti nkhuni sizisowa kawirikawiri. Imene imaba moto ndi mphepo, ndipo imene imachepa ndi nthawi. Mukatchinga mphepo n'kuyamba ndiwo m'mawa ntchito isanayambe, masana kumatsala nsima yokha, ndipo ola limodzi limakwana. Miyeso imene ndalemba pano ndi ya gulu la anthu asanu ndi mmodzi. Mukakhala ochuluka muwonjezere.

Madzulo a dzulo lake

Memo imayamba poweruka dzulo lake. Gwirizanani kuti aliyense asonkha zingati, ndipo ndalamazo asunge munthu mmodzi amene nonse mumamukhulupirira. Gwirizananinso za wophika. Magulu ena amasinthana tsiku ndi tsiku, koma ine ndimakonda kuti mmodzi aphike sabata yathunthu, chifukwa mbaula iliyonse ili ndi khalidwe lake, ndipo munthu amayamba kuizolowera tsiku lachitatu. Akapitawo auzidwe poyera kuti wophikayo azisiya ntchito mphindi 30 anzake asanapume. Nkhani imeneyi ikapanda kukambidwa pachiyambi imabala mkangano pakati pa sabata.

Ziwiya zake n'zochepa: poto wamkulu wa malita 8 kapena 10 wa nsima, wina wocheperako wa ndiwo, mthiko wautali, chipande, mpeni, mbale, ndi machesi osungidwa m'kabotolo kotseka kuti asanyowe. Zonsezi mukhoza kubwereka, koma pa zivundikiro musanyengerere. Poto wosavundikira m'mwezi wa July amatha nkhuni zambiri kutenthetsa mphepo. Ngati chivundikiro chenicheni palibe, mbale yachitsulo yokwana bwino pakamwa pa poto, yotsindiridwa ndi kamwala, imagwira ntchito.

Ufa konzani makilogalamu awiri. Nyemba makapu anayi muzisankhe, muzitsuke, muziviike m'madzi ambiri zigone usiku wonse. Kuviikaku kumalo okwera si nkhani yosankha ayi. M'mbali mwa nyanja yamchere madzi amawira akafika pa madigiri 100, koma ku Dedza amawira pa madigiri pafupifupi 95, ndipo ku Johannesburg, kumene abale athu ambiri akumanga nyumba pamtunda wa mamita oposa 1,700, amawira pa madigiri pafupifupi 94. Madzi akawira satenthanso kupitirira pamenepo ngakhale musonkhezere bwanji. N'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kumapiri, ndipo wophika wosadziwa amangowonjezera nkhuni, madzi n'kuphwa, nyemba zikadali zolimba.

Malo ophikira

M'nyengo ino mphepo ya kwathu kuno imachokera kummwera chakum'mawa. Ndiyo mwera imene asodzi amaiopa panyanja, ndiyonso imabweretsa chiperoni, nkhungu ndi mvula yamawawa ija imene imakuta Mulanje, Thyolo, Blantyre ndi Zomba kwa masiku angapo, yomwe dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Choncho khitchini yanu ikhale kuseri kwa khoma, mbali ya kumpoto kapena kumadzulo. Mbali ya kumpoto ili ndi ubwino wina: miyezi imeneyi dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye mumaphika mukuwothera dzuwa. Komabe nyumba ndi mapiri zimapotoza mphepo, ndiye musanaike njerwa yoyamba tapani dothi louma muliwaze m'mwamba muone kumene likupita.

Lambulani udzu wouma mozungulira. Talikirani matabwa, penti, mafuta ndi jenereta mapazi osachepera khumi. Musaphikire pansi pa pamene anzanu akugwira ntchito pamwamba, ndipo musaphikire pa konkire yatsopano, chifukwa moto umaing'alula n'kusiya banga limene mwini nyumba sadzaiwala. M'chipinda chimene chafoleredwa kale n'kuikidwa mawindo musalowetsemo moto, ngakhale kunja kuzizire bwanji.

Ngati khoma silinakwere, pangani chotchinga. Malata awiri akale oimikidwa mokumana pangodya, ogwiridwa ndi zikhomo kapena mabuloko, amakwana. Wilibala yogonekedwa cham'mbali imatchinganso bwino. Malatawo akhale sitepe imodzi kuchokera pamoto. Chiperoni ikagwa, ikani lata lina pamwamba, lokwera kuposa mutu wa munthu, m'mbali muli poyera kuti utsi uzituluka.

Kumanga mbaula

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Mafuwa atatu ndi abwino m'khitchini ya kumudzi momwe mulibe mphepo. Panja, malawi amagonera mbali imodzi, poto amatentha theka, ndipo nthaka yozizira imayamwa kutentha kotsalako. Chimene mukufuna ndi kachumuni kakafupi kamene kamakakamiza moto wonse kukwera molunjika kunsi kwa poto. Nzeru yake ndi ya mbaula ya rocket, imene Larry Winiarski anaikonza m'zaka za m'ma 1980 ku bungwe la Aprovecho ku Oregon, ndipo siili kutali ndi Changu Changu Moto, mbaula ya njerwa ndi dothi imene inafala ku Nkhata Bay. Ya pa sayiti imamangidwa mphindi khumi, popanda simenti.

Tolani njerwa zootcha 24 zouma, ziwiri mwa izo muzidule pakati. Poyamba salazani pansi ndi fosholo, muyale njerwa zitatu chogona kuti moto usakhale pa dothi lonyowa. Imeneyi ndiyo fandeshoni yanu.

Mzere woyamba: ikani njerwa imodzi kumbuyo, ina kumanzere, ina kumanja, chidutswa chimodzi chikwaniritse ngodya yotsala. Kutsogolo kusiyidwe khomo, ndipo pakati patsale dzenje la makona anayi lotalika ngati chikhatho, masentimita 11 kapena 12 mbali iliyonse. Pamwamba pa mzere umenewu yalani tizidutswa ta zitsulo za konkire tinayi kapena tisanu, totsala podula, mopingasa khomo ndi dzenje lija. Timeneti ndi thandala la nkhuni. Nkhuni zimagona pamwamba pake, mpweya umalowa kunsi kwake, phulusa limagwera pansi. Mbaula zambiri zimene ndaziona zikufuka utsi zimakhala zopanda thandala limeneli.

Mzere wachiwiri ndi wofanana ndi woyamba, khomo likhalebe lotsegula. Mzere wachitatu ndiwo umatseka khomo: njerwa ya kutsogolo igone mopingasa ngati lintala, itsamire mbali zonse ziwiri, kenako zinazo zizungulire dzenje. Onjezani mizere ina iwiri ya njerwa zinayizinayi, mukuluka monga mumalukira khoma kuti mipata isayang'anizane. Mukasuzumira pamwamba muone dzenje lowongoka, losakula ndiponso losachepa kuchokera pansi mpaka pamwamba. Kanyani dothi pang'ono, la pachulu likapezeka, mumate ming'alu yonse ya kunja. Mng'alu uliwonse ndi khomo la mphepo yozizira.

Chomaliza ndi pokhala poto. Musamukhazike pa njerwa mwachindunji, mudzatseka chumuni moto n'kuzima. Ikani timiyala titatu tafulati kapena tizitsulo tiwiri kuti pakati pa njerwa ndi poto patsale mpata wolowa chala chimodzi. Mpata ukachepa utsi umabwerera kukhomo. Ukakula, malawi amathawira m'mbali. Mukayatsa mudzaona nokha: malawi oyenera amanyambita kunsi konse kwa poto n'kutulukira pang'ono m'mphepete mozungulira. Khomo la mbaula liyang'ane kumene kukuchokera kamphepo kotsala kuseri kwa chotchinga chanu, kuti kazithandiza kukoka moto.

Pali masayiti ambiri masiku ano opanda njerwa yootcha ngakhale imodzi, makamaka kuyambira 2018 pamene malamulo a zomangamanga analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi za malonda. Mabuloko a simenti sapirira moto: amang'aluka, ndipo onyowa amatha kuthetheka n'kulasa munthu. Ngati ndi okhawo amene alipo, sankhani ouma, mumate m'kati mwake dothi lochindikala ngati zala ziwiri, ndipo muwerengere kuti mabulokowo sabwereranso pakhoma. Pemphani kaye: "Akapitawo, tingatengeko osweka aja?" Zidina zosaotcha n'zabwino kuposa mabuloko. Miyala ya mumtsinje ndiyo musaiyandikize n'komwe, imasunga madzi m'kati ndipo imaphulika.

Nkhuni ndi kuyatsa

Mbaula imeneyi sifuna zipika. Imadya tinkhuni tonenepa ngati chala chachikulu cha kudzanja, titatu kapena tinayi nthawi imodzi. Zidutswa za matabwa a paini osapakidwa kanthu, nsonga za milimo ya bulugama, zitsononkho, mitengo ya nandolo, zonsezi zimayaka bwino. Ziwazeni zikhale zopyapyala. Zonyowa ndi mame muzitsamiritse kukhoma la mbaula ziziuma pamene zinzake zikuyaka.

Koma si thabwa lililonse la pa sayiti limene lingaphikire chakudya. Siyani matabwa opakidwa penti kapena vanishi, mabolodi omatidwa ndi guluu, ndi matabwa othirira konkire amene anapakidwa oyilo wakuda. Siyaninso mitengo yonyikidwa m'mankhwala oteteza chiswe: yobiriwira ija imakhala ndi poizoni wa arsenic amene amatuluka mu utsi n'kutsalanso m'phulusa, ndipo yakuda yonunkha phula ndi yoipanso. Anzathu a ku Joni asamale kwambiri apa, chifukwa kumeneko mitengo yobiriwirayi ili paliponse. Pa mapaleti yang'anani chidindo: cholembedwa HT chikutanthauza kuti thabwalo linangoumitsidwa ndi kutentha, cholembedwa MB chikutanthauza kuti linafukizidwa mankhwala, ndipo limenelo lisiyeni.

Poyatsa, ponyani kapepala kapena katsekera kouma m'chumuni, pamwamba pake tizipalapasa ta paini, muyatsire kukhomo. Chizolowezi choyatsira jumbo ndi zidutswa za pulasitiki chinatilowa kwambiri, koma utsi wake umalowa m'chifuwa ndi m'chakudya momwe. Petulo ndi thina wosungunulira penti ndiye ayi ndithu; ndinaona mnyamata atapsa nkhope ndi manja chifukwa chothira thina pa moto umene ankaganiza kuti wazima. Mphindi zitatu zoyamba mbaula imafuka chifukwa njerwa zikadali zozizira. Zikatentha utsi umachepa ndipo moto umayamba kulira chapansipansi. Kuyambira pamenepo ntchito yanu ndi kukankhira tinkhuni m'kati pamene nsonga zake zikunyeka. Musadzaze khomo, mpweya uzipeza njira.

M'mawa: tiyi, kenako nyemba

Wophika afike hafu pasiti 6. Tereka madzi a tiyi poyamba, ndipo ngati pali mbatata kapena chinangwa chophikidwa kunyumba, chitenthetsedwe pomwepo. Kapu ya tiyi wotentha musanagwire fosholo imasintha m'mawa wonse.

Tsopano nyemba. Tayani madzi oviikira aja, thirani atsopano apitirire nyemba ndi zala ziwiri, thirani mchere, vundikirani. Zikayamba kuwira ziwire mwamphamvu mphindi 20. Mphindi zimenezi musazidule. Nyemba, makamaka zofiira zikuluzikulu, zili ndi poizoni wachilengedwe amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ndipo amatha pokhapokha zikawira kwambiri mphindi zosachepera khumi. Kumalo okwera ndi bwino kuwirikiza. Tomato asalowe panopa, chifukwa kuwawasa kwake kumalimbitsa khungu la nyemba.

Pamene zikuwira konzani katoni. Pezani katoni yolimba yokulirapo kuposa poto, muikhazike pa thabwa kuti isakhudze nthaka. Pansi pake yalani udzu wouma, utuchi wouma, mankhusu a mpunga kapena manyuzipepala okwinyakwinya, zochindikala ngati chikhatho. Phulani poto ali chiwirire, osavundukula. Onetsetsani kuti kunsi kwake kulibe khala lomatirira, mukulunge m'chitenje chakale cha thonje, osati nsalu ya nayiloni imene imasungunuka, mumukhazike m'katoni. Tsenderani udzu m'mbali monse, pamwamba muikepo bulangete lakale kapena jekete, mutseke katoni. Ku South Africa amagulitsa thumba lotchedwa Wonderbag logwira ntchito yomweyi, koma katoni ndi udzu sizichepera.

Zinthu ziwiri zimalepheretsa njira imeneyi. China ndi poto wosadzaza: chakudya chochepa m'poto wamkulu chimazizira msanga, ndiye sankhani poto amene nyemba ndi madzi ake zifike pafupi ndi kukamwa. Chinacho ndi chidwi. Pamakhala mmodzi pagulu wofuna kusuzumira 9 koloko kuti aone ngati zikupsadi. Akavundukula kamodzi kokha nthunzi yonse yapita. Uzani anzanu kuti katoni sitsegulidwa mpaka wophika atabwera. Pakatha maola anayi nyemba zimakhala zafewa, zosapserera, zosaphwa madzi, ndipo palibe amene anasiya ntchito kukasonkhezera moto. Nandolo wouma, khobwe ndi nyama yoduladula tizidutswa ting'onoting'ono zimapsa chimodzimodzi, nyama ikawira kaye mphindi 30.

Musanapite kukagwira ntchito chitani kanthu kena kakang'ono kamene kamapulumutsa nthawi yambiri masana. Njerwa za mbaula zikadali zotentha ndipo m'kati muli makala. Thirani malita asanu a madzi a nsima m'poto wamkulu, vundikirani, terekani, mutseke khomo la mbaula ndi njerwa. Masana mudzayamba ndi madzi osazizira, m'malo mwa madzi a m'chigubu amene agona panja usiku wonse.

Masana

Hafu pasiti 11 wophika asambe m'manja ndi sopo, achotse phulusa kunsi kwa thandala, ayatse. Popeza mbaula ndi imodzi, ndiwo zimayamba, nsima imamaliza. Nsima yodikira ndiwo m'mwezi wa July imafika pakamwa itauma khungu.

Tsegulani katoni. Poto akhale wotentha moti simungamugwire ndi manja. Terekani, dulirani anyezi ndi tomato, thirani mafuta, ziwirenso mphindi khumi, mubwezere m'katoni. Kuwiritsanso kumeneku musakulumphe. Mukapeza poto wangofunda chabe, ndiye kuti katoni inalowa mphepo. Chakudya chokhala maola ambiri chili chofunda ndi chimene chimaswa tizilombo, ndiye nunkhizani, ndipo ngati mwayamba kuwawasa kapena thovu, tayani osadandaula. Tsiku limene simunaviike nyemba phikani za changu: usipa, bonya, soya, mazira, mpiru kapena kabichi, zimene zimapsa m'mphindi 15, nazonso zidikire nsima m'katoni momwemo.

Kenako terekani poto wamkulu. Patulani madzi okwana lita imodzi m'kapu yaikulu, mudzawafuna nsima ikalimba kwambiri. Madzi akatentha moti chala sichipirira koma asanawire, wazani ufa pang'onopang'ono mukutakasa mpaka phala ligwire mthiko. Mukathira ufa m'madzi owira kale mumapeza mibulu. Takasani mpaka liyambe kubwata, vundikirani, libwate mphindi 10 ngati ndi ufa woyera, mphindi 15 ngati ndi mgaiwa. Nsima imapsa paphala; ufa wothira pambuyo umangolimbitsa. Wophika wothamangira amadula pamenepa, ndipo anthu amamva ufa pakamwa, madzulo m'mimba n'kumalira. Pa ntchito yolemetsa ndi chisanu ine ndimasankha mgaiwa, umakhalitsa m'mimba.

Pothyakula pali ngozi imene anthu saiganizira. Mbaula yanu ndi njerwa zongosanjikiza, ndipo nsima ya anthu asanu ndi mmodzi ndi yolemera. Mukakankha mthiko mwamphamvu chumuni chimagwa, phala lotentha n'kukhuthukira pamiyendo. Ndiye konzeranitu mafuwa atatu a njerwa pansi, pambali pa mbaula. Phala likapsa tapani makala ndi fosholo muwaike pakati pa mafuwawo, tsitsirani poto pamenepo, mnzanu agwire poto ndi chiguduli, inu muthire ufa ndi kuthyakula. Nsima ikasalala n'kuyamba kusiya m'mbali mwa poto, vundikirani mphindi zitatu pa makala omwewo, muthyakulenso kamodzi, muomole. Chipande muzichiviika m'madzi ofunda. Mitanda ilowe m'mbale imodzi yaikulu yovundikira, osati m'mbale zisanu ndi imodzi zoyalidwa pamphepo eni ake akadali kusamba.

Poto wa nsima akangotsala ndi nkhoko, thiranimo madzi mubwezere pa mbaula. Amenewo ndi madzi otsukira mbale, ndipo nkhoko zimamasuka zokha mukudya.

Za madzi ndinenepo mosabisa. Madzi a m'mgolo wokandira simenti si ophikira kapena kusambira m'manja musanadye. Mumalowa mafosholo, ndowa, ngakhale mapazi. Memo ikhale ndi chigubu chakechake chotsekera, chosasungirapo mankhwala kapena mafuta a galimoto, chodzazidwa pa mjigo kapena pa mpope, ndipo ngati mukukayika thiranimo WaterGuard. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo sinadikire dzinja, inafala ngakhale m'miyezi yopanda mvula. Posamba m'manja wina azithirira mnzake, osati nonse kuviika m'beseni limodzi. Fundutsani madziwo pang'ono. Ndaona kuti madzi akakhala ozizira anthu amangonyowetsa nsonga za zala, simenti ikadali m'zikhadabo.

Kumene kuli utuchi wambiri

Akalipentala ndi ocheka matabwa, monga a ku Chikangawa kumene nkhungu imatha kukhala mpaka masana, ali ndi nkhuni ina yaulere. Pezani chitini chachitsulo cha malita 20. Ngati munali penti, chiotcheni kaye chopanda kanthu, kutali ndi anthu, mpaka penti yense anyeke, kenako muchipale. Mgolo kapena chitini chimene munali petulo, thina kapena mankhwala a mbewu musachiboole n'komwe. Boolani bowo m'mbali chakumunsi lolowa mpini wa khasu. Lowetsani mpini pabowopo ufike pakati, muimike paipi kapena mtengo wina wowongoka pakati pa chitini ukhudze nsonga ya mpiniwo. Thirani utuchi wouma pang'onopang'ono mukusinja ndi chipika mpaka ulimbe gwa, musiye zala zinayi pamwamba. Wazani phulusa kapena dothi pamwamba pa utuchiwo kuti usayakire pamwamba. Zulani paipi ndi mpini mosamala mukupotoza, patsale njira yokhota ngati chigongono. Yatsani kapepala mukalowetse pabowo la pansi, muike tizitsulo tiwiri pakamwa pa chitini, terekani.

Utuchi wosinjidwa bwino umayaka maola angapo popanda kusonkhezera. Wosinjidwa mwaulesi umagumuka n'kutseka njira. Vuto lake ndi lakuti ukayaka sufuna kuzimitsidwa, ndiye papsa tonola: konzeranitu zophika zonse motsatana, tiyi, ndiwo, nsima, madzi osamba. Utuchi wa mabolodi ndi wa matabwa a mankhwala ndi woletsedwa monga matabwa ake omwe. M'nkhalango ya paini lambulani masamba mpaka dothi lioneke, chifukwa moto umayenda kunsi kwa masamba osaoneka.

Poweruka, ndi usiku

Mukatha kuphika kokerani makala panja ndi fosholo muwakwirire ndi mchenga. Musathire madzi pa njerwa zotentha, zimasweka, ndipo mawa mudzayatsa pa mbaula yonyowa. Makala ozimitsidwa ndi mchenga mudzawafukula mawa, ndi oyatsira abwino.

Pa sayiti pamatsala mlonda, ndipo nthawi zina amisiri ochokera kutali amagona m'kanyumba kosungira simenti. Usiku wa July chiyeso cholowetsa mbaula ya makala m'kanyumbako n'kutseka chitseko chimakhala chachikulu. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Munthu amamva mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo ambiri sadzukanso. Zimachitika kuno kwathu, zimachitikanso m'tinyumba ta malata ku Johannesburg nyengo yachisanu. Makala amene asiya kufuka ndi oopsa chimodzimodzi. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako: wothani moto panja, ndipo polowa tengani njerwa ziwiri za pamwamba pa mbaula zikadali zotentha, muzikulunge m'chiguduli cha thonje, muziike kumapazi. Mukapeza mnzanu ali lefuu m'chipinda momwe muli mbaula, tsegulani chitseko, mutulutsireni panja pomwepo, ndipo apite kuchipatala ngakhale atanena kuti wapeza bwino.

Musananyamuke wazani tinkhuni ta mawa mutisanjike pamwamba pa mbaula, pamene njerwa zangotsala zofunda ndipo m'kati mulibe khala ngakhale limodzi, muvundikire zonse ndi lata lotsindira ndi buloko kuti mame asafike. Udzu wa m'katoni ukanyowa ndi nthunzi usintheni. Yang'anani ufa ngati ukwana, ndipo amene ali ndi nyemba za mawa akumbutsidwe kuziviika akangofika kunyumba.